Mipira Imene Sitinaloledwe Kumenya

Wailesi ikanena kuti timu yathu ya kiriketi yagonjanso, sipachedwa kubwera akatswiri odzatifotokozera zifukwa: ati nyengo, ati anyamata anatopa ndi ulendo. Ine ndimangoitseka, chifukwa mtima umandiwira. Chifukwa chenicheni ndinachiona ndi maso angawa, ndipo pachitseko pake panali loko wamkulu.

Kwathu ndi ku Vinthukutu, ndipo sekondale ndinaphunzira m'boma lathu lomwelo la Karonga, masiku a chipani chimodzi. Kiriketi anatibweretsera ndi mphunzitsi wa masamu, mmwenye, amene anafika ndi bokosi lake: matabwa omenyera mpira, magolovesi, zotchingira miyendo, ndi mipira yofiira yachikopa, yolimba ngati mwala. Anatiyambitsa ndi mpira wa tenesi kuti tisavulale, n'kutilonjeza kuti yachikopayo tiyamba teremu yotsatira. Teremuyo isanafike anamusamutsira ku Blantyre, monga zinkachitikira masiku amenewo, popanda wofunsa. Bokosi anasiyira sukulu, poganiza kuti akutichitira zabwino.

Kungolowa m'manja mwa ahedi athu, bokosilo linasanduka katundu wa boma. Ahediwo, bambo a ku chigawo cha pakati, sanali ankhanza. Anali amantha, ndipo mantha awowo ndi amene anatidya. Katundu wa boma akawonongeka, wina ankatha kukanena kumene kunkanenedwa zinthu, ndipo munthu unkadzuka ulibe ntchito. Choncho njira yabwino yosamalira mpira inali yoti usamenyedwe. Anakhomera zonse m'sitolo, chipinda chosungiramo katundu wa sukulu, kiyi n'kumayenda naye m'thumba la jekete ngakhale dzuwa la ku Karonga likuswa mtengo.

Ife tinapitiriza ndi thabwa la desiki yothyoka ndi mpira wa tenesi wothothoka ubweya. Sindidzitama, koma diso ndinali nalo. Mpira ndinkauona ukuchoka m'dzanja la woponya, ndipo ndinkauthamangitsira m'munda wa chinangwa wa eni ake mpaka iwo kudzadandaula.

Sitolo inkatsegulidwa pokhapokha kukabwera akuluakulu a chipani. Tsiku limenelo ankativeka zotchingira miyendo ndi magolovesi, n'kutindandalika m'mbali mwa msewu wolowera pasukulu, aliyense atagwira thabwa lake lonyezimira. Ahedi ankadutsa akutiwongola zigongono. Alendo akangokwera galimoto, ankatilanda zonse fumbi lisanakhazikike. Kuima kokha tinakuphunzira bwino zedi.

Ndili folomu yomaliza, mphunzitsi wathu uja anatumiza uthenga kuti ku Blantyre kukhala kusankha achinyamata oti adzalowe m'timu ya dziko, ndipo iye wandinenerera. Mwayi wotere kwathu sunkafika. Osankhawo kumpoto sankabwerako, ankati n'kutali. Ndinadziwa kuti ndikalephera, wachiwiri sudzapezeka.

Ndinapita ku ofesi ya ahedi, n'kugwada, n'kupempha mpira umodzi wokha wachikopa kuti ndiuzolowere ndisananyamuke. Ndinalonjeza kuti tikamenyera paudzu, ndipo ndidzaupukuta ndekha.

"Mwanawe," anatero, "ukang'ambika ayankhe ndani? Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ine ndili ndi ana."

Ndinafuna kuwafunsa ngati ine ndinali mwana wa mtengo, koma masiku amenewo mafunso ankamezedwa. Ndinathokoza, n'kutuluka. Mpaka lero kuthokoza kumeneko kumandiwawa kuposa kukana kwawoko.

Bambo anga anandiperekeza ku Chilumba kokakwera sitima ya pamadzi. Za kiriketi sankazidziwa, anangondiuza m'Chitumbuka chathu kuti, "Luta makora, ukatikhozge soni yayi," kutanthauza kuti ndiyende bwino, ndisakawachititse manyazi.

Ku Blantyre ndinapeza bwalo la udzu wometa ngati mutu wa msilikali, ndi anyamata a m'tauni amene anayamba kugwira mpira wachikopa ali ku pulayimale. Anandibwereka zovala, ndipo kuvala sikunandivute. Ndinaima patsogolo pa timitengo titatu timene womenya amateteza kuti mpira usatigwetse, chigongono m'mwamba, monga ahedi ankafunira.

Mpira wa tenesi ukagunda pansi umadumpha mwaulesi, umakudikira. Wachikopa sudikira munthu. Woyamba ndinangoumva ukudutsa. Wachiwiri unandiphwanya chala cha mkomba phala, golovesi ili pomwepo. Pa wachitatu ndinatseka maso, ine amene ndinkatchuka ndi diso, ndipo kumbuyo kwanga timitengo tinagwa. Mphunzitsi wathu uja anayang'ana pansi. Mmodzi mwa osankhawo anauza mnzake, mokweza kuti ndimve, kuti kumpoto kulibe osewera, ndiye n'kuwonjeza akuseka:

"Koma kuima amadziwa."

Ndiye mukandifunsa chifukwa chake timu yathu imagonja, musandiuze za nyengo. Timu imasankhidwa mwa ana ochepa a m'tauni amene analoledwa kuwononga mipira. Enafe, kuyambira ku Karonga mpaka kumene mukudziwa inu, tinali ndi ahedi osamala. Mpira umene sunang'ambike sunaphunzitsepo munthu, koma kwathu kuno amene amayamikiridwa ndi wosunga kiyi.

Ndinabwerera kusukulu chala chitatupa ngati nthochi. Ahedi sanandifunse mmene ndinayendera. Pasanapite nthawi kunabweranso mkulu wina wa chipani, ndipo sitolo inatsegulidwa. Ndinapempha kuti andisiye chifukwa golovesi sinkalowa, koma ahedi anati mzere usaperewere, n'kundikankhira chalacho m'kati ndi manja awo.

Mlendoyo anaima patsogolo panga, n'kuyamikira kuti zipangizo zathu zikuoneka ngati zogula dzulo. Anafunsa ngati mwa anyamatawa mudzatuluke osewerera dziko.

"Inde bwana," anayankha ahedi, "tikuwakonzekeretsa."

Kenaka anatikodola kuti tiombe m'manja. Ndinapanira thabwa m'khwapa, n'kuomba nawo, chala chikundibaya mpaka m'phewa.