Mtanda wa paipi

Ntchito yanga inali yowotcherera zitsulo. Ndinali ndi kashedi ku Mtiya, m'mbali mwa msewu, ndipo mageti ambiri a kumeneko ndi zitsulo za m'mawindo zinadutsa m'manja mwanga. Chitsulo chimene tinkagwiritsa ntchito ndi chofewa chija. Chimamvera. Ukachimenya ndi hamala chimapindika osathyoka, sowo imachidya mosavuta, ukachiwotcherera chimagwirana bwino. Cholimba, ngati sipuling'i ya galimoto, n'chabwino posula nkhwangwa ndi mipeni, koma ukachiwotcherera chimang'aluka pafupi ndi polumikiza. Chofewachi vuto lake ndi dzimbiri. Ndiye ku Zomba kuno, kumene nkhungu imatsika m'phiri n'kudzagona pamadenga, dzimbiri silipuma.

Mkazi wanga atamwalira anakamuika kwawo, kumtunda kwa Sadzi, kumene nyumba zimathera. Pa matenda ake ine ndinali kwina. Abale ake amadziwa kumene ndinali.

Nthawi imeneyo sindinkatha kulemba. Ndinalowa sukulu ya kwacha imvi zitayamba kale, chifukwa ndinkafuna kuti dzina la pamanda ake ndilembe ndi dzanja langa. Nditadziwa zilembo ndinadula paipi n'kupanga mtanda, dzinalo ndinalilemba pa kachitsulo kafulati ndi ndodo yowotcherera. Zilembo zinatuluka zokhotakhota, koma zinkawerengeka.

Kumanda kwawoko munthu sumangolowa. Amalola kamodzi pachaka, mvula ikatha, tsiku lolambula. Tsiku limenelo ndinkakwera ndi kachitini ka penti woyera. Ena akugwira makasu, ine ndinkapala mtanda uja n'kuupenta. Pamanda onsewo, woyera kwambiri unali wanga.

Chaka chino ndinakwera movutika, mawondo akukana. Ndinapeza alamu anga, achimwene ake a malemuwo, amene amayang'anira mandawo, atakhala pamwala.

“Alamu, mwabweranso ndi penti wanu?” anatero. “Mlongo wanga ali moyo sanadzolepo mafuta ochuluka chonchi.”

Ena anaseka pang'ono. Ndinapita pamanda paja, ndipo pofuna kugwada ndinatsamira mtandawo. Unangopita nane pansi. Sunalire n'komwe.

Unali utaduka pamene umakumana ndi dothi. Nditasuzumira m'kati mwa paipi ndinaona dzimbiri likugwa ngati makungwa ouma. Pamwamba penipeni, pamene ndinatseka paipiyo, panali kabowo kochepa ngati kobaya ndi singano. Nkhungu ndi mvula zinkalowera pamenepo, madzi n'kukadikha pansi. Zaka zonsezi ndinkapenta kunja, chitsulo chikudyeka m'kati.

“Ndiutenge, alamu,” ndinatero. “Ndikaupereke kwa anzanga aulumikize, mawa ndibwera nawo.”

“Chalowa kuno sichitulukanso. Mukudziwa inu.”

“Ndi chitsulo chabe.”

“Chitsulo chili ndi dzina la munthu. Mukufuna mupite naye kunyumba lero? Nthawi yomutenga inalipo.”

Ndinayang'ana pansi. Kenako ndinati ndipanga wina.

“Ndi maso ake ati?” anafunsa alamu.

Sanali kunama. Moto wowotcherera unandidya maso, makina ndinasiya kalekale. Kulemba zilembo zija sindingathenso. Wina akhoza kulemba, koma silikhala dzanja langa. Komanso tikatuluka tsiku limenelo, kulowanso n'chaka chamawa, manda a mkazi wanga akhale opanda dzina dzinja lonse.

Ndinakokera mtandawo pamwala. Ndinatola mwala wina n'kuyamba kumenya kunsi kowolako. Kunkanyenyeka, ine n'kumathyola, mpaka ndinafika pamene chitsulo chinali chikadali ndi moyo. Pamenepo ndinachimenya mpaka paipi inaphwatalala ngati nsonga ya khasu. Chikanakhala chitsulo cholimba chikanasweka. Ichi chinangovomera, monga chimachitira nthawi zonse.

Sindinathe kugwira mtanda ndi kukhoma nthawi imodzi. Alamu anadzuka pamwala paja n'kuugwira ndi manja awiri.

“Menyani bwino. Mukandiphwanya chala, mukumba nokha dzenje langa.”

Ndinakhoma. Mtanda umene unkandifika m'chiuno unathera m'mawondo. Kabowo kaja ndinakatseka ndi penti, ngakhale ndikudziwa kuti penti satseka bowo kwa nthawi yaitali. Dzimbiri lili m'katimo silinapite kulikonse.

Potsika alamu anandinyamulira kachitini mpaka kumsewu.

Panopo mvula yayamba. Ndikakhala pakhonde phirilo sindiliona bwino, ndimangoona kuyera kwa nkhungu. Udzu wa kumanda uyenera kuti wafika kale pa zilembo zija. Tsiku lolambula likadzafika ndidzatenga penti, ndidzatenganso hamala. Paipi yotsala pansi pa dzina ikhoza kundilola kukhomanso kamodzi. Ikadzatha imeneyo, dzinalo lidzagunda dothi.