Achimwene ndi Mabuleki a Kumbuyo

Achimwene anga aakulu anayendetsa galimoto yogawa buledi mpaka imvi zinawapeza pachiwongolero. Atapuma ntchito anagula kagalimoto kakale kobiriwira, kosupuka utoto padenga. Alamu anga ankakanena kuti ndi mkazi wachiwiri, koma Loweruka likakwana iwo ndiwo ankayambirira kukhala pampando wakutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

Mwana wawo wamkazi atachira kutauni ina kuseri kwa mapiri, alamu anapita kukathandiza. Anati sakachedwa. Khanda linayamba kukhala, linakwawa, mpaka linaima, alamu osabwera. Sikuti panali mkangano ayi, kungoti kumeneko ntchito sinkatha.

Achimwene si munthu woti angatulutse mawu akuti ndawasowa akazi anga. Ine ndimameta anthu tsitsi, ndiye tsiku lina ali pampando wanga anangoti, "Mabuleki a kumbuyo aja atha. Msewu wa uko uli ndi mitsetse yoipa."

"Uko kuti, achimwene?"

"Tameta, iwe."

Lamlungu ndinawapeza kuseri kwa nyumba, galimoto ataikweza pa jeke ndi zipika, matayala akumbuyo ali pansi. Daramu, chitsulo chonga mbale chimene chimavindikira mabuleki, inali itakakamira ndi dzimbiri. Anaigogoda ndi hamala mozungulira, mosapupuluma, mpaka inalola. M'kati munali fumbi lakuda lonyowa. Silinda yokankha mabuleki inkadontha mafuta, ndipo nsapato za mabuleki zinali zitadyeka mpaka pachitsulo.

Zophatikaphatika sanazifune. Madaramu anakawapalitsa kwa munthu wa makina kuti asalale m'kati. Anagula masilinda atsopano, nsapato, masipuling'i ndi waya wa hendibuleki. Wogulitsa anawaseka kuti galimoto ya msinkhu umenewo siyenera zatsopano.

"Ikukanyamula munthu," anayankha choncho basi.

Mbali imodzi anaisiya osaimasula kuti azionerapo pomanga inayo. Ali mkati mokoka sipuling'i ndi pulayala, inawapulumuka n'kukagwera m'maluwa a alamu, amene anali atafota. Ndinaona ataitola, koma anakhalabe chogwada pamenepo, akuthothola masamba ouma.

Zonse zitamangidwa panatsala kutulutsa mpweya m'mapaipi. Imeneyo ndi ntchito ya anthu awiri: wina aponde buleki, wina amasule kanati pansi. Ine ndinalowa m'galimoto, iwo anakwawira kunsi.

"Ponda! Pondanso! Gwira pomwepo!"

Ndinasiya msanga, mpweya n'kubwereranso.

"Iwe, mwendo wakowo ndi wa nkhuku? Alamu ako sasiya mpaka nditanena. Amachita kuimba nyimbo ali chipondere."

Ndinasuzumira kunsi kuja, ndinangoona mapazi awo ali phee pafumbi. Kenako mawu anamveka, otsika: "Tiyambirenso, mng'ono wanga."

Ulendo uno ndinagwira mpaka ntchafu inanjenjemera. Buleki inalimba.

Ananyamuka m'mawa wina atavala malaya osita, mpando wakutsogolo ataupukuta ndi kansalu konyowa. Tonse tinkadziwa kuti abwerako awiri. Patapita masiku ndinamva galimoto ikuima panja pa malo anga ometera, ndinatuluka makina ali m'manja. Anali okha.

"Nanga alamu?"

"Mwana uja ndi woyembekezeranso. Sangamusiye." Anazimitsa injini, koma sanatsike. "Koma ndinawakweza, iwe. Tinazungulira mpaka kumsika, mdzukulu ali pamiyendo pawo. Pamtsetse nditaponda, galimoto inaima bwinobwino, osakokera mbali, osalira. Iwo akuti, ‘Bambo, ndani wakuponderani?’ Nditatchula iwe, anaseka mpaka misozi."

Nawonso anaseka pondiuza, kenako anayang'ana kumbali n'kuyamba kupukuta galasi limene linali loyera kale.

Masiku ano amapitako mwezi ukatha, n'kukagonako. Mkamwini wawo anawauza kuti angosamukira konko, koma iwo akuti nyumba ya eni ake munthu sutsokomola momasuka, komanso alamu akadzabwera asadzapeze pakhomo pali tchire. Aphunzira kuchapa makatani ndi kusoka mabatani. Dzuwa likapendeka amakhala pakhonde, foni ili pabondo, kudikira kuti ana uko adye, asambe, alamu apeze mpata woimba.