Buku la Mlamu Wanga ndi Kapu ya Bambo

Mlamu wanga Jennifer, mkazi wa mchimwene wanga Edmond, sanayambe wamvetserapo munthu mpaka kumaliza. Ukamayankhula iye amangogwedeza mutu, maso ali pa foni, pakamwa pakutuluka “Ameni, ameni,” kudikira kuti upume alowepo. Ndamudziwa zaka khumi ndi zinayi. Ndinene pano poyambirira kuti sindimukonda, kuti pasapezeke wina wonena kuti ndinabisa.

Anakulira ku Chelstone, mwana wachitatu wa kalaliki, m'nyumba ya zipinda ziwiri ngati ife tonse. Pano amakhala ku Woodlands, koma mukamufunsa amati “kufupi ndi Kabulonga,” poti ku Kabulonga ndi kwa anthu olemera, ngati kuti Woodlands ilibe dzina. Amagwira ntchito pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni, koma imeneyo saitchula, amati ndi yongodikirirapo masomphenya. Masomphenyawo ndiye tawaona. Anayamba ndi makeke a ukwati, keke yachiwiri inagwa m'galimoto. Anaweta nkhuku, zinatha ndi chitopa. Anagulitsapo madiresi ogula ku Kamwala, kumene ine ndimagulitsa nsalu, n'kumauza amayi a kutchalitchi kwake kuti abwera pa ndege. Chilichonse chimayamba ndi chikwangwani chokhala ndi nkhope yake, chimatha mwakachetechete.

Chaka chatha masomphenya anagwera bambo athu.

Chloe, mwana wa Jennifer wa zaka zisanu ndi zinayi, anabwera kuchokera kusukulu ndi kabuku ka ana ka ku America. Kankasimba za mmene anthu akuda a kumeneko analowera m'matimu a azungu a besibo, masewera aja oponya kampira kolimba wina n'kukamenya ndi chibonga. Edmond, amene pakamwa pake sipasunga kanthu, anati, “Ah, na ba tata banaseŵelako iyi.” Jennifer anaika foni pansi. Sabata isanathe anali atasintha kale mawu a pansi pa chithunzi chake kukhala “wolemba mabuku a ana.”

Bambo athu, a Meshack, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, ndipo ndimakhala nawo ku Kabwata. Ali mnyamata, ufulu utatsala pang'ono, ankatchetcha udzu ndi kujambula mizere ya laimu pa bwalo la kalabu ina ya azungu. Tsiku lina wowakha mpira wa timu ya besibo ya pakalabupo anathyoka chala. Ntchito yake inali yonyonyomala kumbuyo kwa womenya, mpira n'kumakuwomba m'maondo ndi m'nthiti masana onse, ndipo panalibe mzungu wina woifuna. Anaitana wotchetcha udzu. Bambo anawakha zaka ziwiri, ndipo zala zawo ziwiri za kumanzere n'zopindika mpaka lero. Ankavalira mu shedi ya makina otchetchera. Masewera akatha, anzawo ankakwera pakhonde kukamwa zozizira, iwo n'kupita kuseri kwa shedi kumene kunali mpopi ndi kapu yachitini yomangidwa ndi chingwe pa msomali. Kapuyo inali yawo okha, kuti milomo yawo isakhudze tambula ya kalabu. Tsiku limene anasiya ntchito anadula chingwecho n'kutenga kapu. Yakhala pansi pa sutikesi yawo zaka makumi asanu ndi limodzi, osamwerapo ngakhale kamodzi.

Ndiyo nkhani yake. Munthu wofuna kuilemba akanangokhala pa mpando n'kutchera khutu. Koma Jennifer ndi mpongozi, ndipo mpongozi sakhala chipinda chimodzi ndi bambo a mwamuna wake n'kumawapanikiza ndi mafunso. Mwambowo ulipo, sindikukana. Chondiseketsa n'chakuti Jennifer miyambo ina yonse amaitcha ya ziwanda. Pa maliro sagona, chitenje amavala cha pa chithunzi chokha. Koma uwu wokha amaugwira ndi manja awiri. Akabwera ku Kabwata amagwada pakhomo, nkhope atayang'ana kumbali, kuwomba m'manja katatu, “Muli bwanji ba tata,” basi wabwerera kugalimoto. Mwambo umenewu umamuthandiza kuti ulendo wa kwa apongozi uzitha m'mphindi zisanu.

Choncho analemba mafunso khumi n'kutumiza pa foni ya Edmond. Edmond anabwera Loweruka masana, tsiku limene timu yake ya ku England inkasewera, n'kukhala moyang'ana TV. Bambo anavala shati loyera ngati akupita kukhoti. Anayankhula maola atatu. Ine ndinali kukhitchini, ndipo zina mwa zimene ananena ndinazimva koyamba tsiku limenelo. Pomaliza anatulutsa kapu ija, kuiika patebulo.

“Uŵauze amake Chloe alembe za iyi,” anatero bambo. “Vinangu vonse angasiye. Nifuna bazukulu banga baziŵe pamene n'namwela.”

“Yes, ba tata,” anatero Edmond, maso ali pa penate.

Ali m'galimoto anatumiza uthenga wa mawu kwa mkazi wake, wa mphindi ziwiri. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Komabe ndisamunamizire, za kapu anazitchula. Ndi Jennifer amene anazikana. Ndinamufunsa ndekha titakumana kumsika.

“Ba mulamu, ija cup ni sad maningi,” anatero. “Bana bafunika hope. Imwe simungamvese, ni vintu va publishing.”

Buku linatuluka m'Chingerezi, masamba makumi awiri ndi anayi, pepala lonyezimira. Kumbuyo kunali nkhope ya Jennifer, yaikulu kuposa ya Meshack wa kutsogolo. M'katimo munali kamnyamata kakuda komwetulira tsamba lililonse, ndi mnzake mzungu dzina lake Jason, wa tsitsi ngati chimanga. Jason akuphunzitsa Meshack kuwakha. Jason akudzudzula anzake oipa mtima. Pa tsamba lomaliza awiriwo akhala pakhonde la kalabu, akumwera tambula imodzi ya juwisi, dzuwa likuseka kumwamba.

Bambo anavala magalasi, anawerenga kawiri. Kenako anandiyang'ana.

“Kalenga, uyu Jason ni ndani?”

Mtima unandiwawa moti ndinatuluka kukachapa mbale zochapa kale. Nditabwerako bambo anati sakufuna mkangano, akungopempha mphindi zisanu pa tsiku lokhazikitsa bukulo, aonetse ana kapu, anene mawu awiri. Pempholo linadutsa mwa Edmond, ndipo yankho linabwereranso mwa Edmond: tidzaona pa pulogalamu.

Mwambo unachitikira m'munda wa loji ina ku Kabulonga, Loweruka masana. Tinapita pa takisi, bambo ali mu suti yawo yotuwa, kapu atakulunga m'mpango m'thumba la jekete. Pa geti panali chikwangwani chachitali kuposa munthu, nkhope mukuidziwa kale. Kutsogolo kunali tebulo lalitali la nsalu yoyera: abusa ndi amayi busa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Chloe, mayi wina wachizungu wa bungwe lolimbikitsa kuwerenga, ndi wolemba mwiniwake. Ndinawerenga mipando. Wa bambo panalibe.

Ndinamupeza Jennifer akukonza maluwa. “Ba tata bankala kuti?”

Anagwira pachifuwa ngati ndamutukwana. “Ba mulamu! Ine ninkale table imodzi na bapongozi? Bantu bazakamba chani? Ni ulemu. Nabaikila mpando paja pa mtengo, kuli na shade.”

Paja pa mtengo panali kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mizere khumi ya mipando, pafupi ndi jenereta. Ndi kumene kunakhala madalaivala a alendo ndi anyamata a zokuzira mawu. Ndinafuna kugubuduza tebulo lija ndi maluwa ake omwe. Bambo anandigwira mkono n'kunena kuti tisachititse manyazi mwana, ndipo tinapita kukakhala pa mtengo.

Abusa anapemphera mphindi makumi awiri. Mphunzitsi wamkulu anayankhula za kufunika kowerenga, akuwerenga movutikira pa pepala. Mayi wachizungu anati bukulo lamuliza. Jennifer anasimba za mmene Ambuye anamudzutsira ndi nkhani imeneyi, mmene anafufuzira miyezi isanu ndi umodzi, mmene makeke ndi nkhuku zinali kumukonzekeretsa. Pakati pake analoza kumbuyo ndi maikolofoni n'kufuula kuti, “And there is our hero!” Anthu anatembenuka, ena anawombera m'manja dalaivala wa abusa, amene anali wonenepa ndi wooneka bwino. Bambo anayamba kudzuka, dzanja lili m'thumba la jekete. Asanawongoke, Jennifer anali atapitirira kale kuthokoza wokongoletsa malo. Bambo anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

Kenako Chloe anawerenga tsamba lomaliza, mawu ake omveka bwino, za Meshack ndi Jason ndi tambula yawo imodzi. Mwana anawerenga ndi mtima wonse, chifukwa ankakhulupirira. Apo ndiye pamene ndinaona bambo akuweramitsa mutu. Woyendetsa mwambo anati nthawi yatha, tiyeni ku tiyi.

A kutsogolo anamwera m'makapu adothi okhala ndi timbale take. Mizere yapakati inalandira makapu apepala. Pofika pa mtengo, mayi wogawa tiyi anali ndi ketulo yokha.

“Ba shikulu, ma cup yasila,” anatero kwa bambo, kuwatchula ngati agogo. “Yembekezani ba kusogolo basilize, tisuke, tizamipasani.”

Bambo anapisa m'thumba, anamasula mpango, natambasula dzanja lawo la zala zopindika. Kapuyo ndi yakuda m'mphepete, yophwanyika mbali imodzi, ndipo kachidutswa ka chingwe kakadali pa chogwirira. Mayiyo anathira tiyi osafunsa kanthu, anaganiza kuti ndi nkhalamba yoyenda ndi kapu yake.

Nthawi yomweyo Chloe anafika akuthamanga, buku lili m'manja, kuti agogo ake alembemo dzina. Anaima ataona kapu.

“Ba shikulu, iyi cup ya doti mwaichosa kuti?”

“Ku club,” anatero bambo. “Ndiye yamene n'nali kumwela. Inali kunkala pa nsomali, kumbuyo kwa shed. Pa veranda sibanali kunilola.”

Chloe anatsegula tsamba lomaliza, anayang'ana chithunzi, anayang'ana kapu. “Manje Jason?”

“Kunalibe Jason, mwana wanga. N'nali kumwa neka.”

Mwanayo sanalire. Anatseka buku, anakhala pa udzu pafupi ndi mapazi awo, n'kufunsa kuti nanga zala zinatani. Bambo anayamba kumuuza. Madalaivala anasendeza mipando. Ana ena atatu anabwera, kenako asanu, ndipo mayi wachizungu uja anabwera pambuyo pawo, kapu yadothi ili m'manja, nkhope itafiira.

Jennifer sangaone gulu la anthu limene iye sali pakati pake. Anabwera mothamanga pa nsapato zake zazitali, akukoka Edmond. Anamva mawu ochepa, anaona nkhope ya mzunguyo, anaona kapu, ndipo ine ndinaona maso ake akuwala monga anawalira pa nkhuku. Munthu wina akanachita manyazi. Iye anagwada pa udzu chapatali, nkhope kumbali, kuwomba m'manja katatu, n'kuyankhula kwa mwamuna wake mokweza kuti aliyense amve.

“Daddy, bauzeni ba tata banibweleke iyo cup. Iyi ni Book Two. Nizaiika mu glass.”

Edmond anatsegula pakamwa kuti apereke uthenga kwa munthu amene anali mapazi atatu kuchokera pamene anaima. Bambo anakweza dzanja, iye anatseka. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi zinayi, bambo anatembenuka n'kuyang'ana mpongozi wawo m'maso, popanda wodutsamo.

“Amake Chloe, iyi siningabweleke,” anatero. “Mwaona mweka. Nikali kuisebenzesa.”

Anauzira tiyi, namwa, Chloe akuwayang'ana.