Sinomobayilo Yanga ya Bango

Ndikukumbukira dambo lakwathu ku Mchinji chifukwa cha mdzukulu wanga Takondwa, amene amaganiza kuti ndinabadwa ndili kale ndi imvi ndi ndodo. Timakhala kuno ku Crumlin, mu mzinda wa Dublin, m'nyumba ya mwana wanga wamkazi, mayi ake a Takondwayo. Iwo akapita ku shifiti kukasamalira nkhalamba za eni dziko, nkhalamba yawoyawo amaisiya m'manja mwa mwana wa sukulu ndi foni yake. Ndiye tsiku lina, mvula ikuchita zake zija za kuno, yosagwa yosaleka, mnyamatayo anandikhomera foni pamphuno kuti ndione chodabwitsa.

Chinali chinjinga chamoto chopanda matayala. Kutsogolo timatabwa tiwiri totsetsereka, kumbuyo chilamba champhira chamanomano, chozungulira ngati lamba wa pachigayo. Dzina lake akuti sinomobayilo. Mzungu wovala chigoba kumutu anali kuchikwezera phiri la sinowo. Sindikunena sinowo wathu wa ku Dublin uyu, wogwa m'mawa n'kusungunuka tiyi asanazizire, koma weniweni, woti ukaponda umalowa mpaka m'khwapa. Takondwa Chichewa amamva, koma pakamwa pamatuluka Chingerezi chokhachokha, ndiye anandilalikira m'Chingerezi chakecho. Akuti za lamba wamfupi n'zothamangira pa sinowo wopondedwa kale, ukalowa nazo pakuya zimakumba dzenje n'kudzikwirira zokha ngati nkhululu. Za pakuya amazipanga zopepuka, lamba n'kumutalikitsa, kuti chinthucho chiziyandama pamwamba. Ndipo akuti ukafika pofewa zedi usaime. Ukaima wamira.

Ndinamufunsa kuti, "Ndiye azunguwo akuti anayambitsa ndi iwo?" Anavomera ndi mutu. Ndinati, "Khala pansi, Tako. Ukulankhula ndi mwini wake."

Inu anzanga a ku Ballymun amene mumandidziwa ndi mimba iyi simungakhulupirire, koma ndili mwana ndinali wowonda moti dzina langa la ubatizo, Fabiano, linkamveka kutchalitchi kokha. Kumudzi ndinali Machesi. Mphepo ya mu Julayi ikayamba, amayi ankandiuza kuti ndiike mwala m'thumba. Kusukulu ndinkapitako mongocheza, ntchito yanga yeniyeni inali mbuzi. Pakati pa mbuzizo panali tonde wina amene make anafa iye ali kakhanda, ndipo ndinamulera ndekha, kumumwetsa phala ndi chala. Ndinamutcha Kapitawo, chifukwa ankakonda kukwera pachulu n'kumayang'ana anthu akulima, ndevu zili gwedegwede, ngati akufuna aone wachedwa ndani. Fungo lake linkafika iye asanafike. Ankadya chilichonse, sopo, nsapato, ngakhale katekisimu wanga, ndipo pa zimenezo ndinamuthokoza. Aliyense womuyandikira ankamugunda. Ine yekha ankangondiluma khutu.

Chaka china, titakolola, achemwali anga a Rozina ankakwatiwa. Nkhoswe yawo anali amalume a Lufeyo, munthu wathupi ngati nkhokwe ya chaka chabwino. Iwo analoza Kapitawo n'kunena kuti ndiwo za ukwati ndi zimenezo. Ndinalira, ndinagubuduka m'fumbi, palibe anandimva. Mbuzi inali ya banja, ine ndinali wongoweta. Tsiku loti mawa ukwati, akuchimuna atafika kale ndi katundu wawo, anamumangirira pamtengo wa mango kuseri kwa khitchini. Amalume anakhala pambali pake penipeni n'kumanola mpeni pamwala, kweche kweche, uku akuimba nyimbo ya kwaya.

Kapitawo sanali chitsiru. Amalume atangodzuka kukalonjera alendo, iye anatafuna chingwe. Musandiyang'ane choncho, ine ndinali kuchitsime, mboni zilipo ngakhale zambiri zinagona. Anangoliyatsa liwiro kulowera kudambo, mudzi wonse pambuyo pake, amayi ndi zipande, anyamata ndi agalu, alendo ndi nsapato zawo zatsopano m'manja.

Dambo lathu nthawi imeneyo linkauma m'mphepete, nthaka n'kung'ambika ming'alu yoti mulowe dzanja. Koma pakati panali malo amene tinkawatcha pa Chimeza. Pamwamba pankaoneka pouma ngati chigumu chopserera, pansi pali phala lakuda, lozizira, lonunkha mazira owola. Kapitawo anathamanga pachikhokhocho bwinobwino mpaka pakati. Atafika pamenepo anaima kuti atembenuke atiseke. Ndi pomwe chinaboka. Tikufika, kunkaoneka msana, khosi ndi nyanga, akulira mawu amene sindinamumvepo akulira.

Amalume anavula malaya n'kuuza anthu kuti apatuke. Sanapite patali. Analowa mpaka m'chiuno, ndipo panafunika amuna onse a mbali ziwiri kuti awazule. Anatuluka ndithu, koma thope linasunga buluku lawo. Amayi anawaponyera chitenje chamaluwa, iwo n'kuchimanga m'chiuno nkhope ili gwa, ngati ndi mmene amavalira masiku onse. Kenaka mnyamata wina wamphamvu anabwera ndi benchi yokhalira alendo, ya mlombwa, yaifupi, yolemera. Atangokwerapo, benchi inaloza mutu pansi n'kulowa ngati ikudziwa njira.

Tsono ife oweta tinali ndi kachitidwe kathu. Tikafuna milamba yotsalira m'thope, tinkagona chafufumimba pamtolo wa bango n'kumakwawa nawo. Ndinati andipatse chitseko cha kukhitchini cha amayi, chija cha bango. Nditagonapo m'mphepete kuyesa, miyendo inatsala kunja, kumbuyo n'kuyamba kutitimira. Chinali chachifupi. Ndinati pakufunika china. Anyamata anathamangira kumudzi, ndipo chitseko cha bango chimene anachipeza pafupi chinali cha kuchimbudzi. Sanagogode. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wina wamtali wa magalasi amene anali mkatimo, anangoona kwayera mwadzidzidzi.

Tinalumikiza zitseko ziwirizo, china kutsogolo china kumbuyo, nsungwi uku ndi uku, n'kumanga ndi luzi. Chinatuluka chinthu chachitali, chopepuka choti mwana anyamule pamutu. Za amene akwerepo panalibe mkangano. Ocheperapo ine sankadziwa kumanga mfundo, okulirapo anali olemera, ndipo wina aliyense Kapitawo akanamulandira ndi nyanga. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, anthu anayang'ana nthiti zanga mwaulemu. Amayi anandimanga chingwe chachitali cha khonje m'chiuno, nsonga ina n'kupatsa amuna agwire.

Anzanga, ndakwerapo ndege, ndakwerapo sitima ya ku Dún Laoghaire m'mbali mwa nyanja, koma ulendo wokoma ngati umenewo sindinayendeponso. Ndinagona chafufumimba, manja ndikupalasa uku ndi uku, phwa, phwa. Chikhokho chinkasweka pansi panga, thope likupuma tinthovu, koma bango linkangotsetsereka pamwamba. Achule ankadumpha kundipatsa njira. Pamene amalume anamira ndinadutsapo ngati mbalame. Takondwa anandidula apa kufunsa kuti injini inali kuti. Ndinamuonetsa manja angawa.

Ndinafika. Thope linali litafika Kapitawo m'mapewa. Maso ake achikasu aja anali atatuluka, akupuma movutika. Ndinamukumbatira khosi, iye n'kundiluma khutu, pang'ono pokha, mopanda mphamvu. Ndinali nditayamba kumasula chingwe m'chiuno mwanga kuti ndimumange, pamene amalume anakuwa ali kumtunda.

"Manga msanga, mphwanga! Dzuwa likupita, tikufuna tisende kukuwala!"

Akanangokhala chete, bwenzi ukwati utadya nyama. Ndinamaliza kumasula chingwe, ndinachigwira ndi zala ziwiri, n'kukhala tsonga pazitseko.

"Amalume! Ndikamutulutsa mukamupha?"

"Nanga tikamuveke suti? Manga!"

"Ndiye sindimanga."

Amalume analamula kuti andikoke, andibweretse adzandionetse. Ndinakweza chingwe m'mwamba kuti onse aone kuti sichili m'chiuno, akakoka akoka chingwe chokha. Apo amayi anagwira kumutu.

Paja ndanena kuti pofewa suima. Ine ndinali nditaima. Thope linayamba kutuluka m'mipata ya bango, lozizira ngati madzi a m'mtsuko, kukwera m'akakolo, kenaka kunyowetsa kabudula. Chitseko cha kuchimbudzi chija, chimene chinali kumbuyo, chinayamba kubisala. Koma nkhope ndinaiumitsa.

"Achimwene, mwana akumira! Muvomereni!" anakuwa amayi.

"Mlongo, nanga alendowa adya chiyani? Udzu?"

Achemwali a Rozina anali atafika, mutu woluka mbali imodzi, chipeso chili chilili m'tsitsi. "Machesi! Ukatuluka mmenemo ndikupha ndine!"

"Ndiye ndisatuluke, achemwali?"

Alendo ena anabisa nkhope m'zitenje. Amalume anayang'ana kumwamba, anayang'ana mlongo wawo, n'kunena motsitsa kuti chabwino, samupha. Koma ine amalume ndinkawadziwa. Ndinati alumbire.

"Iwe mwana wa dzulodzulo, ukundilumbiritsa ine?"

"Pamaso pa alendo, amalume."

Apa ndi pomwe nkhoswe ya kuchimuna, bambo a magalasi aja, anayandikira. Ndikuganiza kuti nkhani ya chitseko inali isanawachoke. Anati, "Lumbirani, ankhoswe anzanga, ife tikhale mboni. Ife tabwerera mkazi. Maliro sitinakonzekere." Amalume, chitenje chamaluwa chili m'chiuno, ananyambita chala chathope, anachidutsitsa pakhosi, n'kuloza kumwamba. Kenaka analavula, chifukwa thope la pa Chimeza silinali lonyambita.

Ndinapisa manja m'thope n'kumanga chingwe kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Amuna anakoka. Poyamba palibe chinasuntha, kenaka thope linamusiya ndi mawu ngati a ng'ombe yogeya. Kapitawo anakwera pazitseko, anandiponda pamsana, anandiponda pamutu, ine n'kugwira mwendo wake wakumbuyo, dzanja lina bango. Tinabwerera tonse chotsetsereka, mbuzi patsogolo, mwini sinomobayilo pambuyo, pakamwa podzaza thope. Titafika pouma sanandicheukire n'komwe. Anadzikutumula, kuthimbiriza alendo, n'kulunjika kumudzi kukadya masamba a nthochi amene anakongoletsera chisakasa cha ukwati.

Sindinakwapulidwe. Amayi anali ndi njira yoposa chikwapu. Ananditengera kuchitsime n'kundikwecha ndi chitsononkho thupi lonse, akuchotsa misundu m'miyendo. Atamaliza anandifinya pachifuwa mpaka nthiti zinalira, kenaka anandimenya khofi limodzi lokha, labwino.

Amalume anasunga lumbiro, pakuti mboni zinali za mudzi wina. Anapha nkhuku zawo zomwe, ndipo zinathera kwa akuluakulu a kuchimuna. Ena tonse tinadya nyemba ndi kabichi. Anthu anavina ndithu mpaka fumbi kubisa dzuwa, koma kuyambira tsiku limenelo, m'dera lonse, munthu akafuna kutchula chaka chimenecho ankati chaka cha ukwati wa nyemba. Kapitawo anakhala zaka zambiri, anadzaza khola ndi ana amwano ngati iye, n'kufa ndi ukalamba. Nyama yake ngakhale agalu anaitafuna modandaula.

Nditapita kumudzi ulendo wathawu, dambo sindinalipeze. Anthu anaumba njerwa, ena analima tomato, madzi anathawira pansi. Ana akumeneko milamba amaiona pamsika, ndipo ana akuno mbuzi amaidziwa ili m'pepala la pulasitiki, yodulidwa kale, yopanda dzina. Maukwati a masiku ano nawo ndimawaona pafoni, ng'ombe kugwa, keke wamtali ngati chulu, magalimoto mdipiti, koma mvula ikagwa kawiri umva kuti mkwati wabwerera kwa amake.

Achemwali a Rozina anakhala ndi alamu anga mpaka tsiku limene tinawaika alamuwo m'manda. Pano ali ndi zidzukulutudzi, maso akuvuta, koma pakamwa mpakuthwa ngati kale. Lamlungu lapitali, titachoka ku Misa, ndinawaimbira. Moni asanathe anandifunsa kuti mbuzi yawo ndibweza liti. Ndinati, "Achemwali, muzindithokoza. Banja lanu linalimba chifukwa cha nyemba zija."

Ndinamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo. Kenaka anati, "Machesi, mawu amenewo ndi abwino. Ukwere ndege, udzawanenere pano pafupi ndi ndodo yanga."