Mazira opepesera a Opanyin Twumasi

Nthawi inali hafu faifi m'mawa, ndipo a Twumasi anali atagwada kale pampopi wa pabwalo, akukwecha timbale tomwera zinziri. Ankakwecha ndi zala ziwiri, ngati timbaleto tiwaluma. Ndakhala mumpanda uno wa ku Nkawkaw zaka pafupifupi makumi awiri, mabanja asanu tikutunga pampopi umodzi, koma kufikira masiku amenewa, bambowa ndinali ndisanawaonepo atanyowa m'zigongono.

"Mwadzuka bwanji, Opanyin?" ndinatero ndikutula ndowa yanga. Opanyin ndi mmene timaitanira bambo wamkulu kwathu kuno.

"Tadzuka, Maame Dansowaa. Kodi zitosi za mbalamezi zimamata chonchi masiku onse?"

"Masiku onse."

"Mayi a Yaw sanandiuzepo."

"Munawafunsapo?"

Anangopitiriza kukwecha. Mayi a Yaw ndi akazi awo, Maame Fosuaa, amene anali atachoka masabata awiri apitawo kupita kwawo ku Abetifi, pamwamba pa phiri. Ponyamuka anasiya mawu amodzi okha: sabwerera mpaka khitchini yawo ikhalenso khitchini.

A Twumasi anagwira ntchito ku positi ofesi zaka makumi atatu, akudinda makalata. Ndi munthu wabwino. Mowa samwa, mawu sakweza, pamaliro amafika woyamba. Chowapweteka ndi wailesi. Chipumireni pantchito, chilichonse chimene wailesi yanena kuti chimachiza, iwo amachimva ngati chawatchula dzina.

Chinayamba ndi chamwamba. Chinali chaka chija tauni yonse inkanena kuti masamba ake amachiza matenda mazana atatu. A Twumasi anadzala mitengo makumi anayi kuseri kwa bafa, n'kukasindikiza timapepala tomata pamabotolo, tolembedwa kuti "Twumasi ndi Ana Ake". Anawo, Yaw ndi mlongo wake, amakhala ku Accra, ndipo sanathyolepo ngakhale tsamba limodzi. Wothyola anali Maame Fosuaa. Woyanika pamthunzi, wosinja, wosefa, wotsuka mabotolo, yemweyo. Pabotolo dzina lake panalibe. Ufa wobiriwirawo unalowa mu tiyi, m'phala, mpaka mu msuzi wodyera fufu, nsima yathu ya chinangwa, ndipo tonse a mumpanda tinkamwetulirana ndi mano obiriwira. Chaka chisanathe khomo lililonse linali ndi mtengo wake, wogula anasowa, mbuzi za a Imamu a pamzikiti wapafupi zinanenepa ndi masambawo.

Kenako chinabwera chipatso chija chotchedwa noni, chimene amachisunga m'ndowa miyezi iwiri kuti chivunde ndi kutulutsa madzi. Amphaka athu anasamuka. Maame Fosuaa ankafinya ndi nsalu atamanga mpango pamphuno, pamene a Twumasi ankamwa kapu imodzi pamaso pa alendo, misozi ili chuchuchu, akunena kuti mankhwala enieni amadziwika ndi fungo. Nachonso chinapita. Ndowazo mpaka lero palibe amazibwereka.

Zaka zonsezi Maame Fosuaa anali ndi bizinesi yawoyawo, imene sinatchulidwepo pa wailesi. Tsiku lililonse ankaphika madzi a chidede, kuthiramo jinja ndi makoko a chinanazi, kuwaziziritsa, n'kukawagulitsa kusiteji ya minibasi. Anayamba Yaw ali kumsana. Madalaivala amawadziwa ndi dzina, ndipo botolo silinabwererepo lodzaza. A Twumasi ankawatcha "timadzi ta mayi a Yaw". Ankati n'tokoma ndithu, koma mulibe sayansi.

Sayansi inabwera ndi zinziri. Wailesi inati mazira atatu osaphika m'mawa uliwonse, ndiye kuti shuga, mphumu ndi kuiwala zonse zathawa. A Twumasi anabwera nazo mazana atatu pagalimoto ya hayala. Wowagulitsa anawachenjeza kuti zinziri zimaopa chisanu, mvula ndi makoswe, ndipo m'nyumba monse chipinda chofunda chokhala ndi chitseko cholimba chinali chimodzi chokha.

"Kwa mwezi umodzi basi," anatero, akutulutsa mapoto a akazi awo.

Mwezi umenewo unatha zaka ziwiri. Maame Fosuaa ankaphikira pakhonde. Asanakoleze mbaula, ankayamba wasesa pansi pa makola, kutsuka timbale, kusintha madzi, kutola mazira ndi kuwapukuta limodzilimodzi. A Twumasi ankadzuka dzuwa litatuluka, kuvala malaya ositidwa, n'kukhala pampando pachipata kufotokozera odutsa ubwino wa zinziri. Nkhuku zanga zisanu zimene zimangodzitolera pabwalo zinkawamvetsa chisoni.

"Maame Dansowaa, mazira a nkhuku ndi a anthu osawerenga," anandiuza tsiku lina, mokoma mtima ndithu. "Ka zinziri kamodzi kamaposa atatu anuwo."

Miyezi yoyamba anthu ankaimadi pamzere. Kenako aphunzitsi, apolisi opuma, ngakhale abusa, onse anagula zinziri zawo. Wailesi inayamba kunena zina. Koma mbalame sizimvera wailesi, zinkangoikirabe. Mazira anadzaza beseni, kenako lina, kenako mphika wa paukwati. Maame Fosuaa anayesa kuwawiritsa n'kupita nawo kusiteji, koma madalaivala ankati kusenda khumi kuti ukhute limodzi, galimoto ikhoza kudzaza n'kukusiya.

Tsiku limene anachoka kunagwa mvula ya mphepo. Inalowa pakhonde, kuzimitsa mbaula, n'kusefukiza mphika wonse wa chidede umene unali utangopsa. Ndinawaona ataima, nsalu itawamata m'thupi, akusuzumira pazenera la khitchini yawo. M'katimo zinziri zinali zouma bwinobwino, zikudya. Sanakalipe. Anakhuthula mphikawo, kuutsuka, kuuvundikira, n'kukapinda zovala zawo.

Kwathu kuno mwamuna akalakwira mkazi, pakamwa pokha sipakwana. Amatuma munthu wamkulu kukapereka chopepesera chimene m'chilankhulo chathu timachitcha "mpata": mazira a nkhuku khumi ndi awiri, mlandu ukakula n'kuwonjezapo nkhuku yoyera kapena nsalu. Mkazi akalandira pamaso pa abale ake, nkhani yatha, abwerera. A Twumasi mwambowu amaudziwa bwino. Anatuma mnzawo, a Boadu, katekisiti wopuma, atawasenzetsa beseni la mazira a zinziri mazana awiri.

"Mwambo umati khumi ndi awiri," anandifotokozera akumanga beseni ndi nsalu. "Ine ndatumiza mazana awiri, lililonse loposa atatu. Ku Abetifi konse kulibe mkazi anapepesedwapo chonchi."

Ndinafuna kunena kanthu, koma a Boadu anali atanyamuka kale.

Anabwerera dzuwa likupendeka, beseni lili m'manja, nsalu yake yomasulidwa mbali imodzi yokha. Anakhala pampando wa pachipata, kuvula nsapato, kupempha madzi.

"Sanalandire?" anafunsa a Twumasi.

"Mchimwene wawo anavundukula pang'ono, n'kufunsa ngati ku Nkawkaw nkhuku zinadwala zonse."

"Nanga mwiniwake?"

"Mwiniwake akuti mazirawa akuwadziwa. Akuti ambiri anatola okha, kupukuta okha zitosi, kuika okha m'beseni lomweli. Beseni nalonso akuti n'lawo." A Boadu anamwa madzi. "Akuti ndikufunseni, Opanyin, ngati munthu amapepesedwa ndi thukuta lake lomwe."

A Twumasi anayang'ana beseni lija. Kenako anafunsa, ndi mawu otsika, kuti chakudya cha zinziri chimasungidwa kuti, chifukwa chimene akazi awo anasiya m'chitini chinali chitatha dzulo lake. A Boadu sankadziwa. Ndinawalozera ndine.

Kuchokera tsiku limenelo ndi pamene ndinayamba kuwapeza pampopi. Tsiku loyamba anasesa zitosi kuloza kumphepo. Lachiwiri anaiwala kutseka khola, tinakhala tikugwira zinziri pansi pa mabedi a anthu mpaka masana. Malaya ositidwa anatha, pakuti wosita kunalibe. Mpando wa pachipata unagwira fumbi.

Ndiye m'mawa uja, atamaliza timbale, anatisanja pamwala kuti tiume, n'kuongola msana pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Ndinaona kuti makola onse ali kale panja, ndipo chitseko cha khitchini chili pululu.

"Mayi wa lesitilanti ya kusiteji abwera kudzatenga zinzirizi masana ano," anatero. "Akuti azikazinga. Akuti makola akhale oyera."

"Zonse?"

"Zonse. Pansi ndakolopa kawiri, koma fungo likadalipo."

"Phulusa ndi mandimu. Muthire, musiye, mukolope mawa."

"Phulusa ndi mandimu," anabwereza, ngati akuloweza adiresi. Anapukuta manja kukabudula. "Dzulo pa wailesi amanena za nkhono. Akuti sizichita phokoso, sizifuna chipinda chachikulu, ndipo msuzi wake..."

Ndinangowayang'ana.

"Ndinaitseka," anatero msanga. "Mabatire ndawaika m'tochi."

Ndinatsegula mpopi. Nkhuku yanga yamawangamawanga inadutsa pakati pathu ikutola nyerere, iwo n'kuitsatira ndi maso mpaka inakalowa kuseri kwa mtondo.

"Maame Dansowaa, nkhuku zanuzi zikuikirabe?"

"Za anthu osawerenga zija?"

Anakanda m'mutu, kuyang'ana zala zawo zosweka ndi sopo.

"Zomwezo. Mundisungireko khumi ndi awiri, akuluakulu. Ndipo Loweruka, ngati mpata ulipo, mukwere nawo phiri ndi a Boadu. Mukawauze mayi a Yaw zimene mwakhala mukuona pampopi pano. Ndikakanena ine, sakakhulupirira."