Galimoto yofiira ya zitseko ziwiri

Chaka chimene ndinasiya sukulu, anthu othawa nkhondo ku Mozambique anali atadzaza m'malire. Mzungu wina wa bungwe lowathandiza, pobwerera kwawo, anasiyira dalaivala wake galimoto yakale yothamanga pa Mangochi. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti nkhuku inkatha kusuzumira pazenera. Amalume anga anaikonda mpaka anaganiza zogulitsa bwato lawo la usodzi, limene linkatidyetsa tonse, kuti aigule.

"Amalume, musagulitse bwato ndisanalowe pansi pa galimotoyo," ndinatero.

"Iwe, mayeso anakukana, ndiye galimoto ikuvomera?"

Ndinalowabe. Dzimbiri limene linandigwera m'maso, abale, likanadzaza ndowa. Mabowo anali atamatidwa ndi sopo n'kupakidwa penti. Nditagwira injini, ndinapeza ili yotentha kale. Dalaivala uja anali atailiziratu kuti tisaone mmene imavutira kudzuka. Ndinakakamira kuti tidikire izizire, ndipo tinadikira mpaka ndinamera ndevu. Dalaivala atailiza, utsi wabuluu unaphimba boma lonse, msika wonse n'kutsokomola.

Amalume sanagonje. Anati tikaiyese pamsewu wa ku Malindi, ine ndinati tiyeni. Pamchenga woyamba mimba yake inakhala pansi, matayala n'kumangozungulira. Anthu apanjinga ankatidutsa akufunsa ngati tikufuna kukwezedwa.

Tikukankha, thukuta lili chuchuchu, amalume anandiyandikira kuti dalaivala asamve.

"Mawa ukasoke makoka aja, mphwanga. Bwato sindigulitsa."