Mazenera Oyang'ana Kumwera

Mwezi wa Juni mumzinda wa Wellington mphepo ya kumwera imabwera ndi mvula yamawawa, yoyenda chammbali, ndipo siodira pakhomo. Imafuna munthu adzuke ndi kansanza m'manja, apukute thukuta la mazenera lisanatsikire m'matabwa. Imafuna mbaula yamagetsi iyake kuyambira m'mawa, zovala ziyanikidwe pamipando. Amene nyumba zawo zinayang'ana kumpoto amaothera dzuwa likangosuzumira. Amene zinayang'ana kumwera amangolimvera kwa anzawo.

Noeline Pirie anali wa gulu lachiwirilo. Anabadwira pafamu ya nkhosa ku Wairarapa, kumene dzuwa linali la aliyense. Anakwatiwa ndi Ross, wogwira ntchito kudoko, yemwe anagula fulati pamwamba pa nyumba yakale yosanjikizana chifukwa inali yotchipa, osafunsa kuti yatchipiranji. Ross anatsokomola chaka ndi chaka mpaka anatsikira kuli chete. Chifuwacho chinatsalira Noeline ngati chuma chamasiye.

Kutchalitchi ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankabisa mawu. Anauzapo mkwatibwi kuti diresi yamuthina. Anauzapo abusa kuti ulaliki wawo wagonetsa ndi mipando yomwe. "Ine chilungamo basi," ankatero, chibwano chili m'mwamba, ngati kuti chilungamocho anachita kuluka yekha.

Tsopano dokotala anali atamuuza kuti mapapo ake sangapirirenso chisanu cha m'nyumbamo. Mwana wake wokhala mumzinda wa Nelson anali atamukonzera chipinda cholowa dzuwa. Chotsala chinali kugulitsa fulatiyo, koma ogula a mumzindawu ankangoima pazenera, n'kununkhiza mpweya, n'kunena kuti aimba foni. Foni sinkalira.

Tsiku lina kunabwera Graeme Tulloch, wogulitsa nyumba, mnzake wa kusukulu kalekale, akupukusa ambulera pakhomo.

"Noeline, vala mano ako, ndakupezera mwamuna."

"Choka iwe. Wabweretsanso wina wodzandipondera kapeti?"

"Uyu ngwa ku America. Akufuna yoyang'ana kumwera. Wachita kunena yekha, mpaka kubwereza."

"Ngwamisala?"

"Ngwandalama. Iwe ungotseka pakamwa, kamodzi kokha m'moyo wako."

"Ine sindinama, Graeme. Ukundidziwa."

"Ndani wati uname? Ndati utseke."

Mlendoyo anafika masana. Dzina lake linali Dwight Halvorsen, wa ku Minnesota, wopuma pantchito, ndipo mawu ake anakwera masitepe mwini wake asanaoneke. Asanavule n'komwe jekete anali atafotokoza kale kuti kwawo zinthu zasokonekera, wagulitsa zonse, wabwera kudzakhala pakati pa anthu abwino osalira zambiri. Khitchini sanaiyang'ane. Analunjika pazenera la pabalaza, n'kutulutsa foni yokhala ndi kamuvi kolozera mbali za dziko.

"Kumwera ndendende!" anafuula. "Graeme, ndiwe munthu iwe!"

Kenako anatembenukira kwa Noeline, akumwetulira ngati mphunzitsi wa ana a mkombaphala.

"Mayi, kwathu ndi mwana yemwe amadziwa kuti dzuwa la nyengo yozizira limalowera pazenera la kumwera. Nyumba zotere timazilimbirana. Koma kuno ndazungulira mzinda wonse, za kumwera ndiye zotchipa! Musakhumudwe, koma anthu inu mwakhalira golide osadziwa."

Kwawoko zinali zoona. Munthuyo anawoloka nyanja yonse ija atasenza dzuwa la kwawo m'mutu, osaganizako kuti dziko lili ndi kunsi kwake, kumene dzuwa limayendera kumpoto. Ndipo sabata imeneyo mitambo inali itatseka kumwamba konse, mboni panalibe.

Noeline anamva mawu akukwera pakhosi, monga ankachitira nthawi zonse.

"Bambo, kuno dzuwa…"

"Ndikudziwa, ndikudziwa, labisala," anamudula Dwight, atakweza dzanja. "Ine ndakulira m'chipale chofewa chofika m'chiuno, mayi, kamvula aka sikangandiopse. Kapena mwayamba kunyinyirika kuti mukweze mtengo? Ndinali wa inshuwalansi ine, machenjera onse ndimawadziwa."

Anaseka yekha. Graeme anatsokomola, ngakhale analibe chifuwa. Noeline anayang'ana zenera, mvula ikulikwapula, ndipo anaona chipinda cha ku Nelson, dzuwa litagona pabedi ngati mphaka. Mawu aja anatsika okha, n'kukakhala pansi.

"Mumwa tiyi, bambo?"

Anamwa, n'kudya mabisiketi onse a m'mbale, akuwaphunzitsa eni mzinda za mphepo ya mumzinda wawo. Atatha analoza pazenera paja.

"Mkazi wanga Marlys amakonda maluwa. Achita bwino apa, eti?"

"Zomera zina zimakonda pamenepa," anatero Noeline.

Silinali bodza. Ndere zinkakondwa kwambiri kunja kwa zeneralo.

Dwight anagwira onse chanza mwamphamvu, nati abweranso mawa ndi Marlys kuti adzaone chipinda chogona, akatero asayine. Anatsika akuimba mluzu, munthu wokhutira kuti wapusitsa mzinda wathunthu.

Chitseko chitatsekeka, Noeline anayamba kusonkhanitsa makapu mwaphokoso.

"Wamva wekha. Ndinamuuza."

"Unayamba chabe, mayi achilungamo."

"Anandidula ndi iyeyo! Ndikanamugwira pakamwa? Munthu wodziwa zonse ngati ameneyu ungamuuze chiyani?"

"Palibe. Lamlungu ukauzenso abusa kuti tayi yawo yapindika."

"Tuluka m'nyumba mwanga, nkhandwe iwe."

"Nyumba ya Dwight," anatero Graeme, akutola ambulera yake. "Mawa uyatse mbaula m'mamawa. Mkazi wakeyo akuti ali ndi mphuno."

Atatsala yekha, Noeline analowa kuchipinda. Pakhoma la kumutu kwa bedi panali chuku chakuda, chotambalala ngati chikopa cha nkhosa, chimene chinkabwerera chaka chilichonse ngakhale achikweche bwanji. Anachiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anatulutsa madiresi ndi majekete a Ross m'kabati ya zovala, n'kuwaunjika pansi. Anakoka bedi n'kulipititsa pakati. Anatsamiritsa phewa pakabati ija, nakankha, napuma kuti atsokomole, nakankhanso, mpaka inafika pakhomapo n'kukhala bwinobwino. Anabwezeramo zovala chimodzichimodzi, n'kutseka zitseko zake.